Kompyuta ya a Sakala

Ndinapita ku Dubai ndili telala, ndipo ndinabwerako ndili telala yemweyo, kungoti wouma mtima. Pa boma la Mchinji ndinali ndi makina anga opalasa ndi mapazi, pakhonde la sitolo ya eni ake, ndikusoka mayunifolomu a ana asukulu ndi kupinda masiketi. Mwamuna anali atalowera kale ku Joni osatembenukanso. Ejenti atandiuza kuti kwa Aarabu akufuna amayi odziwa singano, ndinagulitsa makinawo, mwana wanga wamkazi n'kumusiya kwa mkulu wanga. Pa depoti mwanayo sanalire. Ndinalira ndine, mpaka kondakitala anandifunsa ngati ndikupita kumaliro.

Singano ankanena ejentiyo sindinaione msanga. Ndinayamba ndi kukolopa m'nyumba ya anthu ku Jumeirah Village Circle, ndikugona m'kachipinda kochapira zovala, mutu utatsamira makina ochapira. Za m'nyumba imeneyo sindinena zambiri, chifukwa ndikayamba sindimaliza. Amene anandichotsamo ndi a Sakala, bambo wachikulire wa ku Chipata, yemwe ankatsogolera mapemphero athu a Amalawi ndi anthu a ku Zambia Lamlungu masana. Anaona diresi lomwe ndinadzisokera ndi manja, n'kufunsa kuti telala wake ndani. Kontirakiti yanga itatha anandilankhulira kwa bwana wawo, ndipo ndinasamukira ku Deira, mbali ina ya Dubai.

Malo antchitowo anali kuseri kwa msewu wa Al Rigga, kumbuyo kwa malo odyera, komwe fungo la anyezi wokazinga limalowa mpaka m'nsalu. Tinkasoka mayina ndi mabaji pa mayunifolomu a m'mahotela, a alonda, a madalaivala. Amuna a ku Bangladesh ankadula ndi kusita, ine ndinkamanga nsalu pa mafelemu ndi kudula timaulusi totsalira. Kogona kunali bedi limodzi m'chipinda chogawa ndi mapulanga, pamwamba panga pakugona mtsikana wa ku Uganda yemwe ankalankhula kutulo. Zomwe ndinkapeza ndinkatumiza kwathu, kuyankha kwake kunkangokhala kuti zafika, koma shuga wakwera.

Pakati pa chipinda chantchito panali chimakina chachitali cha singano zambiri, chakale koma cholimba, ndipo bwana ankati sangagule china ichi chisanagwe. Chimakinacho chinkalandira malamulo kuchokera ku kompyuta ina yachikasu ndi ukalamba, yomwe inkakhala pakona. Galasi lake linali lakuda, zilembo zoyera, popanda chithunzi chilichonse. Munthu mmodzi yekha ndiye ankaikhudza, a Sakala. Iwo anaphunzira za makompyuta ku Lusaka nthawi yomwe makompyuta oterewa anali atsopano, ndipo ankaidziwa ngati mwana wobereka okha. Ikatsokomola ankaitsegula, kuwotcherera apa, kusintha kachitsulo apo, n'kuidzutsa. Bwana ankawatukwana ngati tonsefe, koma viza yawo ankaikonzanso nthawi iliyonse ikatha, ngakhale anali atapitirira kale msinkhu womwe mabwana amasungira munthu.

Viza imeneyo sinali ya ntchito yokha. Impso za a Sakala zinali zitasiya kugwira ntchito. Masiku angapo pa sabata ankalawirira kuchipatala kukatsukidwa magazi ndi makina, n'kubwera masana nkhope itatuwa, mkono utamangidwa bandeji. Khadi lachipatala lomwe linkawalowetsa kumeneko linali lomangirira ku viza, viza yomangirira kwa bwana. Aliyense pantchitopo ankadziwa kuti tsiku lomwe bwana adzati khalas, basi zatha, a Sakala adzakwera ndege kupita kukafa. Iwo eni ankazinena akuseka, amvekere, "Ine nili na makina awiri onisunga, wina wa magazi, wina uyu wa pakona."

Ntchito ya kompyutayo anandiphunzitsa pang'onopang'ono, nthawi ya chakudya, anzathu atagona pansi pa matebulo. Ndinali nditawafunsa chifukwa chake baji yaikulu ya pamsana pa jekete imasokedwa mbali mbali, makina kumaima pakati.

"Manje mvera, mwana wanga," anatero. "Ganyu unalimapo?"

"Ndinakulira khasu, bambo."

"Basi, wadziwa kale. Mwini munda sakuuza kuti lima munda wonse. Amakudulira ndime. Ubongo wa kompyuta iyi, amati pulosesa, ni wakale, sutha kuwerenga patali. Ukafika pa sikisite-folo kilobaiti, manambala ake atha. Koma munda wake wosungiramo zinthu, memore, ni waukulu kuposa apo. Ndiye omwe anaipanga anati tiziyenda ndime ndime. Ikafuna kupeza chinthu imafunsa mafunso awiri: ndime iti, ndipo mzere wachingati kuchokera poyambira ndimeyo. Nambala imodzi chabe siingakufikitse."

"Nanga ikamaliza ndime, siingolowa ina?"

"Apo ndiye pali msampha. Amene analemba pulogalamu yathuyi anali waulesi, anati dizaini imodzi, ndime imodzi. Ukaipatsa dizaini yaikulu, ikafika pa mzere womaliza siilumpha malire iyayi. Imabwerera pa mzere woyamba wa ndime yomweyo, singano n'kuyamba kubwereza zoyambirira pamalo olakwika. Jekete ya eni ake yaonongeka, bwana wakudula malipiro."

Ndiye luso lake linali kudula dizaini kuti chidutswa chilichonse chikwane m'ndime imodzi, komanso kudulira pomwe diso silingaone: posinthira mtundu wa ulusi, kuseri kwa tsamba, m'mphepete mwa chilembo. Kwa telala zimenezo si zachilendo, msoko wabwino ndi wobisika. Ndinazigwira msanga, ndipo a Sakala ankanyadira. Masiku omwe anali kuchipatala ndinkawadulira mwakachetechete kuti ntchito isaime, bwana n'kumaganiza kuti anasiya atakonzeratu. Kutsegula kompyutayo ndi kuiwotcherera kokha ndiko sindinaphunzire.

Tsiku lina inatulutsa utsi. Bwana anakuwa yalla, yalla, kutanthauza fulumirani, n'kutituma awirife kukasaka kachitsulo komwe kanapsa, kwa anthu ogulitsa makompyuta akufa m'tinjira ta ku Deira. Dzuwa linali lowotcha zoti nsapato zimamata phula. Tinayenda sitolo ndi sitolo, anyamata ogulitsa akutiseka kuti zinthu zimenezo zinatha agogo awo ali moyo. Titakapeza, a Sakala anali akupuma movutika, ndipo tinakhala pamthunzi n'kugula tiyi wamkaka wotchedwa karaki.

"Bambo, ikadzafa yosadzukanso, mudzatani?" ndinafunsa.

"Siingafe ine nili moyo."

"Ndikufunsa zenizeni."

Anayang'ana uku ndi uku ngati pali wina womva Chinyanja pakati pa Apakistani omwe anali pamenepo, kenaka anatsitsa mawu. "Nikuuze chifukwa ndiwe mwana wanga. Pulogalamu ija itha kuyenda pa kompyuta ili mu ofesi ya bwana. Mapulosesa a masiku ano amaona munda wonse kamodzi, safuna ndime. Koma ukangoyatsa magetsi, amadzuka ngati agogo awo, kuwerenga ndime na mzere, mpaka wina awauze kuti manje sinthani. Anawapanga dala choncho, kuti mapulogalamu akale asafe. Chofunika ni kakhadi chabe kolowetsapo chingwe cha makina."

"Bwana akudziwa?"

"Bwana adziwa zimene ninamuuza. Kuti makina amamvera kompyuta iyi yokha, ndipo kompyuta iyi imamvera ine."

Linali bodza, inde. Ine ndine Mkhristu, koma bodza limenelo ndikanalisenza pamutu mpaka kumanda osatula. Bwana sankasunga a Sakala chifukwa cha zaka zomwe anamugwirira ntchito, kapena chifukwa chowamvera chisoni. Ankawasunga chifukwa cha mantha, ndipo mantha amenewo ndiwo ankatsuka magazi a munthu. Ndinawalonjeza kuti pakamwa panga sipadzatuluka kanthu, ndipo sipanatuluke.

Panatuluka pakamwa pawo. Ukayenda siya phazi, akuluakulu anatero, ukasiya mlomo umakutsata. A Sakala anali ndi matenda ena oposa impso, matenda a mlaliki: akaona chinthu chokoma sankatha kuchisunga osachisandutsa ulaliki. Sabata imeneyo anali atakangana pa foni ndi mwana wawo wamkulu ku Chipata. Mayi a kunyumba anali atamwalira kale, ndipo mwanayo analowetsa alendi, anthu olipira lendi, m'nyumba yomwe bambo ake anamanga ndi thukuta la ku Dubai, mpaka m'chipinda chawo chogona. Atamufunsa, anawayankha kuti inu mumadziwa chiyani za kuno. Mawu amenewo anawakhala pakhosi sabata yonse.

Lamlungu tinasonkhana monga mwa nthawi zonse ku Sports City, m'nyumba ya namwino wina wa ku Lusaka, titadzazana pansi, nsapato zili mulu pakhomo. Ambiri tinali amayi antchito za m'nyumba omwe tapatsidwa theka la tsiku. Pakati pathu panali Felesiya wa ku Ntcheu, wolera ana m'nyumba ya bwana wathu yemweyo. Ntchitoyo anamupezera ndi a Sakala, ndipo ankawakonda ngati bambo ake omubereka. Anali mtsikana wa mtima wabwino, koma wosasunga mawu.

A Sakala anaima n'kuyamba za lamulo lolemekeza makolo. Analalikira bwino tsiku limenelo, sindinama. Kenaka ndinamva akuti, "Abale, ngakhale chitsulo chiposa ana athu ulemu!" Mtima wanga unangoti phaa. Anafotokoza za ndime ndi mzere, anthu akuseka, akugwedeza mitu chifukwa ganyu tonse tinalimapo. Anafotokoza za pulosesa watsopano, wanzeru, wothamanga, yemwe m'mawa uliwonse amayamba wadzichepetsa n'kulankhula chilankhulo cha agogo ake. Amayi anakuwa ameni, wina analuluta. Ameni ndi mowa kwa mlaliki, ndipo a Sakala analedzera.

"Ngakhale pulogalamu ya kuntchito kwathu," anakweza mawu, "yakale kuposa ena a inu muno, muiike pa kompyuta ya lero, idzailandira ngati mlendo waulemu! Siidzafunsa kuti nkhalamba iwe udziwa chani za kuno!"

Ndinatsokomola mwamphamvu. Anandiyang'ana, pakamwa pali yasa, kenaka anayambitsa nyimbo msangamsanga. Potuluka ndinawakokera pambali n'kuwauza kuti ndikufuna ndimuchenjeze Felesiya. Anakana. Anati ukamuuza kuti ndi chinsinsi ndiye wachipatsa miyendo, komanso mwana wolera ana angamvepo chiyani pa za mapulosesa. Apo ndi pomwe analakwitsa kachiwiri. Anali mphunzitsi wabwino kwambiri, moti Felesiya anamva zonse bwinobwino.

Bwana anali ndi mwana wamwamuna wamkulu, wogwira ntchito za makompyuta ku kampani ina, munthu waulemu yemwe ankatipatsa moni tonse. Felesiya anamupeza patebulo atatsegula kompyuta yake, ndipo pofuna kunyadira mkulu wa kwawo anamufotokozera ulaliki wonse m'Chingelezi chake chothyokathyoka. Anadzandiuza yekha pambuyo pake akulira. Anati mnyamatayo anasangalala, n'kumufunsa kawiri kuti a Sakala anenadi kuti pulogalamu ya kuntchito.

Mnyamatayo anabwera pakati pa sabata, masana, atanyamula kompyuta ya mu ofesi ija m'manja ngati mphatso, bambo ake ali pambuyo. A Sakala anali atangofika, bandeji ili pamkono.

"Ankolo, ndamva kuti ndinu katswiri wa zakale," anatero akumwetulira. "Ine zimenezi ndinangoziwerenga kusukulu. Tiyeni tiyese limodzi."

"Siingagwire, bwana wamng'ono," anayankha a Sakala. Mawu awo anali ouma. "Makinawa ni osankha."

"Ikakana yakana. Inshallah sitiononga kanthu."

Sanachite mwankhanza mnyamatayo, ndipo ndicho chimandipweteka mpaka lero. Ankawafunsa mwaulemu kuti chingwe ichi chikulowa pati, mafayilo ali pati, ndipo a Sakala ankayankha chifukwa bwana anali ataima pomwepo manja ali m'chiuno. Anaika kakhadi, anakopera pulogalamu, anasintha zina poyatsira. Amuna a ku Bangladesh anasiya kusita. Ine ndinkapemphera mumtima kuti Mulungu aikanitse, ipse, magetsi azime, chilichonse. Galasi linada, zilembo zoyera zomwe zija n'kutuluka. Chimakina chinalira kamodzi, singano zonse zinakwera n'kutsika, kudikira ntchito.

"Mwaona, ankolo! Munanena zoona!" anatero mnyamatayo, n'kuwagwira paphewa.

Bwana sanakuwe. Akanakuwa bwenzi zili bwino, chifukwa mkwiyo wake wokuwa unkatha ndi tiyi. Analankhula motsitsa, akuyang'ana bandeji ija. "Ndiye unkadziwa. Zaka zonsezi ndakhala ndikusenza chipatala cha munthu wakufa kale, chifukwa cha bodza." Kenaka anatembenukira kwa ine. "Iwe, kudula madizaini umatha?"

Ndinayang'ana a Sakala. Anagwedeza mutu pang'ono kuti ndivomere, chifukwa anadziwa kuti ndikakana tipita tonse.

"Ndimatha, bwana."

"Khala pamenepo. Tiyese."

Anatola thawulo lina lomwe hotela inabweza chifukwa cha banga, n'kundilamula kuti ndisokepo dzina la a Sakala, zilembo zikuluzikulu, ulusi wagolide. Ndinakhala pa mpando wawo, udakali wofunda. Makina anasoka dzinalo bwino kuposa kale lonse. Bwana analichotsa pa felemu, analiyang'anitsitsa mbali zonse ngati kasitomala, n'kuwaponyera pachifuwa. Anati imeneyo ndi mphatso yotsanzikana, asadzanene kuti anachoka chimanjamanja.

A Sakala anagwada. Munthu wa imvi, mkulu wa mpingo, anagwada pa simenti yodzaza timaulusi n'kugwira mwendo wa thalauza la bwana. Anati amuchepetsere malipiro, azisesa, azitsuka chimbudzi, angomusiyira khadi lachipatala. Anati, "Bwana, kwathu makina a magazi ni ochepa, nikapita nafa." Bwana anachotsa mwendo wake n'kunena kuti iye si boma, komanso si Mulungu. Kenaka anawalozera kompyuta yakale ija kuti akaitaye okha ku bini ya kuseri, popeza ndi mnzawo. Anainyamula ndi mkono umodzi wabwinowo, akuitsamiritsa pamimba. Mmodzi wa amuna osita anafuna kuwathandiza, bwana anangomuyang'ana, iye n'kubwerera ku simbi yake. Mwana wa bwana anali atatuluka kale panja, foni ili kukhutu, ngakhale sindinaimve ikulira.

Viza inathetsedwa, khadi n'kufera limodzi. Ku mapemphero tinasala kudya, tinasonkha zomwe tinali nazo, tinawaperekeza ku bwalo la ndege ndi nyimbo. Koma mkwiyo unkafuna pogwera, ndipo palibe yemwe akanalimba mtima kutchula bwana, poti aliyense anali ndi bwana wake womuopa. Unagwera Felesiya. Akalowa, amayi ankasuntha kumusiyira malo aakulu ngati ali ndi mphere. Wina anamutcha Yudasi pamaso, mmodzi wa omwe aja ankakuwa ameni. Anasiya kubwera, anachokanso pa gulu lathu la pa foni. Ine ndinakhalabe pa mpando uja zaka zingapo, chifukwa ndinali ndi mwana wodyetsa, ndipo sindipepesa kwa munthu. Kompyuta yatsopanoyo sinavutepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo ndinkadana nayo chifukwa cha chimenecho.

Tchuthi changa choyamba chinakwana pasanapite nthawi yaitali a Sakala atachoka. Ku Mchinji ndinapeza mwana wanga atatalika kundiposa, akuitana mkulu wanga kuti amayi, ine akundinena kuti a ku Dubai. Anandipatsa moni atagwada patali ngati mlendo. Masutikesi anatsegulidwa ndisanamwe n'komwe madzi, ndipo alamu anadandaula kuti nsapato zawo ndagula zazing'ono. Nditaona kuti panyumbapo ndatha ntchito, ndinakwera galimoto ya kumalire, n'kuolokera ku Chipata.

Nyumba ya a Sakala sinandivute kupeza. Inali yamalata, yopaka utoto, ya khonde lalikulu, momwe ankaionetsera pa chithunzi. Pakhondepo panali mipando ya alendi. Mpongozi wawo anandilandira, n'kundizungulitsa kuseri, ku kachipinda kosungiramo matumba a chimanga. Ndinamva fungo ndisanawaone. Anali atagona pa matiresi pansi, miyendo itatupa ngati mitondo, nkhope itafufuma mpaka maso kuchepa, khungu lonse mikwingwirima yodzikanda. Kuchipatala ankapeza malo mwa apo ndi apo, wina akamwalira kapena akalephera kubwera, ndipo sabata imeneyo sanapiteko chifukwa panalibe wowanyamula.

Mwana wawo uja anabwera n'kuima pakhomo, osalowa. Anandipatsa moni, kenaka analankhula mokweza, bambo ake akumva. "Mayi, inu mwachokera komweko, tiuzeni. Mphamvu zonse anasiya kwa Aarabu, kuno atibweretsera matenda. Ife tizitani nawo? Pomwe tinkakula anali kuti?" Ndinkafuna kumulavulira, komabe funso lakelo ndinali nditaliona dzulo lake m'maso mwa mwana wanga.

Atachoka, a Sakala anandikodola. Mawu ankatuluka pang'onopang'ono, mpweya ukuwathera pakati.

"Mwana wanga, foni uli nayo?"

"Ndili nayo, bambo."

"Unijambule. Ba ku mapemphero aone kuti nili bwino. Asamadandaule."

"Bambo, simuli bwino."

"Nidziwa. Ndiye chifukwa chake nifuna unijambule lero."

Anakana kujambulidwa m'kachipindamo. Ine ndi mpongozi tinawapukuta kumaso, tinawaveka malaya oyera, mabatani osakumana pamimba, n'kuwanyamula mbali ndi mbali mpaka pakhonde la kutsogolo. Tinapempha mpando kwa mlendi. Anandiuza kuti ndijambule kuyambira pachifuwa kupita m'mwamba, khoma lopaka utoto lioneke. Nditangoti yambani, anawongoka, ndipo mawu a mlaliki anabwerera sindikudziwa kuchokera kuti. Anapereka moni kwa onse. Anati anafika bwino, ali pakhomo pawo, ana akuwasamala, madokotala a kuno ndi abwino. Kenaka anati, "Felesiya abwerere ku mapemphero. Mwana uja alibe mlandu, anangomvetsera ulaliki bwino kuposa imwe nonse. Wina amutumizire mawu awa." Anamwetulira mpaka ndinatsitsa foni. Nditangotsitsa anagwera kutsogolo, ndipo tinawabweza ku matumba kuja atatseka maso.

Netiweki kumeneko inandikana, kanemayo anangokhala pa foni osapita. Ndinagona kwa mpongozi uja, m'mawa ndinawatsanzika a Sakala koma sanandizindikire bwino, ananditchula dzina la malemu akazi awo. Ndinaoloka malire masana. Galimoto itayandikira pa boma, foni inagwira, ndipo zinthu ziwiri zinachitika nthawi imodzi: kanema uja anapita ku gulu, ndipo unalowa uthenga wa mpongozi woti bambo atisiya ndisanafike n'komwe pa malire.

Ndinatsika pa depoti n'kukhala pa benchi, foni ili m'manja. Ku Dubai inali nthawi yomwe amayi amagoneka ana a mabwana n'kupeza mpata wosuzumira pa foni. Mayankho anayamba kugwa ngati matalala. Ameni. Mulungu ndi wabwino. Mapemphero athu ayankhidwa. Ndinayamba kulemba kuti amwalira, zala zinakana, ndinafufuta. Ndili chikhalire choncho, mayi yemwe uja anatcha Felesiya Yudasi anatumiza mawu ake, akuseka mosangalala, mwana wa eni akulira chapatali.

"Koma ndiye mwanenepatu, bambo! Taonani masayawo! Kumudzi kwakuyanjani, musabwererenso kuno."